Paki ya m'dera ndi holo yake: zinachokera kuti, ndipo tiyambire pati?

Funso: Ndili m'komiti imene anthu a m'dera lathu anasankha kuti idzutse paki yathu. Malowo alipo ndithu, koma akatungwe anathyoka kalekale, udzu unafika m'chiuno, ndipo holo imene ili pakona imakhala yokhoma chaka chonse. Pamsonkhano ena akuti tiyambe ndi mpanda, ena akuti tigule zoseweretsa zatsopano, enanso akuti holoyo tingoipereka kwa wamalonda basi. Ine ndikufuna kudziwa kaye: nzeru yoika paki ndi holo pamalo amodzi inachokera kuti, nanga pamalo otere payenera kukhala chiyani kwenikweni? Ndine mayi wa m'komitiyo.

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi mawu oti mupite nawo kumsonkhano wotsatira. Holoyo musaipereke, ndipo ndalama zoyamba musazithere pa zoseweretsa. Paki ya m'dera ndi holo yake zimadalirana. Mvula ikagwa kapena dzuwa likalowa, paki yopanda nyumba imatha ntchito, nayonso holo yopanda bwalo panja imangodikira tsiku la msonkhano. Amene anayamba kuika ziwirizi pamodzi anachita dala, atayesa njira zina n'kuona kuti sizikufikira anthu amene ankafuna kuwathandiza.

Kale minda yopumulirako inali ya mafumu ndi anthu achuma, yotchingidwa ndi makoma aatali. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1800, pamene mafakitale anakokera anthu m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku America. Mabanja ankathithikana m'tizipinda topanda mawindo okwanira, utsi wa malasha uli ponseponse, kolera ikubwera n'kubweranso. Madokotala ambiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti matenda amayenda ndi mpweya wonunkha, choncho atsogoleri anaganiza zopatula malo a mitengo kuti mzinda uzipuma. Pa kolera analakwitsa, popeza imayenda ndi madzi oipa, koma kulakwitsa kwawoko kunatisiyira mapaki.

Paki ya Birkenhead, pafupi ndi Liverpool ku England, inatsegulidwa mu 1847, ndipo ambiri amaiwerenga kuti ndi yoyamba kumangidwa ndi ndalama za anthu onse kuti aliyense azilowamo. Anaijambula ndi Joseph Paxton. Akuluakulu a tauniyo anachenjera: anagula malo ochuluka kuposa pakiyo, n'kugulitsa mapuloti ozungulira kwa anthu ofuna nyumba zoyang'ana mitengo, ndalamazo n'kuthandizira kubweza zimene anawononga. Mu 1850 kunafika mlendo wa ku America, Frederick Law Olmsted, amene anachita chidwi kuona wosauka ndi wolemera akuyenda m'njira imodzi popanda womufunsa. Mu 1858 iyeyo ndi Calvert Vaux anapambana mpikisano wojambula Central Park ya ku New York.

Central Park ndi yokongola, zimenezo sitingatsutsane, ndipo kukula kwake ndi mahekitala 341. Koma m'zaka zake zoyambirira inkapindulira kwambiri anthu a ngolo za akavalo. Wogwira ntchito m'fakitale ankakhala kutali kumwera kwa mzindawo, ankagwira masiku 6 pamlungu, ndipo kuti akafike kumeneko ndi ana anayenera kulipira ulendo. Akafika ankapeza malamulo oletsa kuponda kapinga m'malo ambiri ndi oletsa akuluakulu kusewera mpira. Olmsted ankafuna malo oti munthu aziyenda mwakachetechete akuyang'ana mitengo ndi madzi, koma mwana wa zaka 8 sankafuna zimenezo ayi. Palinso china chimene chinaiwalika kwa nthawi yaitali: pamalopo pankakhala anthu, kuphatikizapo a m'mudzi wa Seneca Village, ambiri mwa iwo anthu akuda, ndipo anasamutsidwa mu 1857 kuti paki ipeze malo.

Paki ya m'dera, yaing'ono ndi yapafupi, inabadwa chifukwa cha mwana wosewera mumsewu pakati pa ngolo ndi zinyalala. Mu 1885 dokotala wamkazi wa ku Boston ku America, Marie Zakrzewska, amene anaona ana a ku Berlin akusewera pamilu ya mchenga, analimbikitsa kuti ayesenso zomwezo. Anathira mulu wa mchenga pabwalo la katchalitchi kena m'dera la anthu osauka. Mchenga basi, popanda chitsulo chilichonse. Ana anaunjikana, milu inachuluka m'zaka zotsatira, ndipo posakhalitsa analemba ntchito amayi oti aziyang'anira.

Mbali ya nyumba inayambira kwina. Mu 1884 Samuel Barnett ndi mkazi wake Henrietta anatsegula Toynbee Hall ku Whitechapel, dera losauka la London, kumene achinyamata ophunzira a ku mayunivesite a Oxford ndi Cambridge ankakhala pakati pa anthu wamba n'kumachititsa maphunziro ndi makalabu. Jane Addams anakaona zimenezi, ndipo mu 1889 iye ndi Ellen Gates Starr anatsegula nyumba yotero, Hull House, ku Chicago ku America, pakati pa mabanja obwera kuchokera ku Italy, Greece, Russia ndi kwina. Munali sukulu ya mkaka, mabafa, chipinda cha masewera olimbitsa thupi ndi makalasi a Chingelezi. Patangopita zaka zochepa anagumula nyumba zakutha zapafupi n'kupanga bwalo la ana. Mwaona, Mayi, nyumba inafuna bwalo, monga mmene bwalo la ku Boston linafunira munthu woyang'anira.

Amene anamanga mfundo ziwirizi pamodzi ndi ndalama za boma ndi akuluakulu oyang'anira mapaki a kumwera kwa Chicago, motsogozedwa ndi J. Frank Foster. Mu 1905 anatsegula mapaki 10 m'madera odzaza anthu, ena mwa iwo pafupi ndi malo aakulu opherako ng'ombe kumene anthu ankaweruka ali magazi ndi mafuta okhaokha. Mabwalo anajambula ndi ana a Olmsted uja, nyumba anajambula ndi kampani ya Daniel Burnham. Paki iliyonse inali ndi nyumba yake, ndipo taonani zimene anaikamo: mabafa, chipinda chodyera chotsika mtengo, nthambi ya laibulale, holo ya misonkhano, tizipinda ta makalabu, ndi zipinda ziwiri za masewera, china cha amuna china cha akazi. Panja panali damu losambira, kadziwe kosaya ka ana aang'ono, mchenga ndi bwalo la mpira, limene m'nyengo yozizira ankalithira madzi kuti aundane, anthu n'kumatsetserekapo.

Ndimakonda kukumbutsa makomiti za mabafawo. Foster sanayambe ndi funso loti paki yokongola imaoneka bwanji. Anayang'ana chimene chinkasowa m'nyumba za anthu ozungulira, n'kupeza kuti ambiri analibe posambira, powerengera buku, ngakhale pokhalira pansi anthu 50 kuti akambirane. Nyumba ya m'paki inadzaza mpata umenewo, ndipo n'chifukwa chake anthu ankabwera chaka chonse, m'mawa ndi madzulo omwe. Mizinda ina inatengera, ndipo holo yanu ya pakonayo, kaya anaimanga liti, ndi mdzukulu wa nzeru imeneyi.

Mu 1906 kunakhazikitsidwa bungwe lolimbikitsa mabwalo a ana, la Playground Association of America, Pulezidenti Theodore Roosevelt n'kukhala mtsogoleri wake waulemu. Bungweli linkaumirira mfundo imodzi: bwalo lopanda woyang'anira limalandidwa ndi anyamata amphamvu, ang'onoang'ono n'kubwerera mumsewu. Pamenepa ankanena zoona. Koma tisawayeretse kwambiri. Ambiri mwa iwo ankafuna kuumba ana a anthu obwera kuti akhale omvera, ndipo masewera ena ankachita kufoletsa ana pamzere. M'mizinda yambiri ya ku America anthu akuda ankaletsedwa kulowa m'mapaki ndi m'madamu omangidwa ndi misonkho yawo yomwe. Mzinda wa Montgomery ku Alabama unalolera kutseka mapaki ake onse mu 1959 kusiyana n'kuti azungu ndi akuda azisewera pamodzi. Funso loti ndani akulowa ndipo ndani akuona kuti sakufunidwa lidakalipo mpaka lero, ngakhale kumene kulibe lamulo loletsa munthu.

Za mtunda wokafika kupaki zinalongosoledwa bwino mu 1929 ndi Clarence Perry, katswiri wa mapulani a mizinda wa ku America, amene anati dera lililonse likhale ndi sukulu ya pulayimale pakati, misewu ikuluikulu idutse m'mphepete, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a malo likhale la timapaki ndi mabwalo. Masiku ano akatswiri ambiri amatchula mamita 300, ulendo wa mphindi ngati 5. Mu 2021 katswiri wa mitengo ya m'mizinda, Cecil Konijnendijk, anaiika mfundoyi mosavuta kukumbukira: munthu aziona mitengo itatu ali pakhomo pake, dera likhale ndi mthunzi wa mitengo wokwana 30 peresenti, ndipo paki isatalikire kupitirira mamita 300.

Kwa anzanu ofuna zoseweretsa zodula, auzeni nkhani ziwiri izi. Ku Denmark, wojambula mapaki C. Th. Sørensen anaona kuti ana ankasiya mabwalo amene iye anajambula n'kukasewera pamalo omangapo nyumba, pakati pa matabwa ndi njerwa. Mu 1943, dzikolo lili m'manja mwa asilikali a Germany, ku Emdrup mumzinda wa Copenhagen anatsegula bwalo limene ana ankapatsidwa matabwa, misomali ndi zipangizo kuti azimanga okha, pali wamkulu mmodzi wowathandiza. Ku Amsterdam, kuyambira mu 1947 mpaka 1978, Aldo van Eyck anajambula timabwalo toposa 700, tambiri pamapuloti ongokhala ndi m'makona a misewu. Zida zake zinali zochepa: dzenje la mchenga lozingidwa ndi kakhoma kafupi, zitsulo zopindika zokwerapo, miyala yodumphira, ndi mabenchi a makolo. Chitsulo chimodzi chomwecho mwana ankachisandutsa nyumba lero, mawa phiri.

Maholo nawonso anafalikira m'njira zawo. Ku Japan, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, boma linalimbikitsa nyumba zotchedwa kominkan, ndipo lamulo la 1949 linazikhazikitsa kuti zikhale malo ophunzirira akuluakulu ndi osonkhanirako. Zambiri zimasandukanso pothawirako pakachitika chivomerezi kapena madzi akasefukira. Ku Singapore bungwe la People's Association linayamba mu 1960 kuyendetsa maholo a m'madera.

Nanga n'chifukwa chiyani mapaki ambiri amafa ngati yanuyo? Kawirikawiri si kuti anthu anasiya kuikonda. Ndalama zomangira zimapezeka kamodzi, pamwambo wodula riboni, pamene ndalama zosamalira zimafunika mwezi uliwonse ndipo ndi zimene zimayamba kudulidwa zinthu zikathina. Ngakhale New York zinaichitikira: mzindawo utatsala pang'ono kugwa pazachuma mu 1975, ogwira ntchito m'mapaki anachepetsedwa, Central Park yomwe ija inasanduka fumbi ndi mabenchi othyoka, mpaka mu 1980 anthu anakhazikitsa bungwe loithandiza. Dongosolo la imfa yake limafanana kulikonse. Wosamalira amachoka, chimbudzi chimakhomedwa, amayi a ana aang'ono amasiya kubwera, okalamba amatsatira, ndipo otsala ndi amene amafuna malo opanda maso.

Jane Jacobs, wolemba mabuku a za mizinda, anawonjezera china mu 1961. Anayerekeza mabwalo anayi a ku Philadelphia ku America, oikidwa papulani imodzi ndiponso ofanana kukula, n'kupeza kuti Rittenhouse Square inali piringupiringu tsiku lonse pamene ena anali zii kapena oopsa. Kusiyana kunali m'zozungulira. Kumene kunali nyumba zokhalamo, masitolo ndi maofesi pamodzi, anthu osiyana ankadutsa pa maola osiyana. Paki siikoka anthu mwa iyo yokha. Imadalira anthu amene dera limaipatsa. Holo yotseguka ndiyo njira yapafupi yoperekera anthu amenewo kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Tsopano tibwere pa malo anu. Ntchito yoyamba ilibe fosholo. Pitani kukhonsolo mukaone mapepala: mwini malowo ndi ndani, malire ake ali pati, ndipo papulani ya dera analembedwa kuti ndi a chiyani. Makomiti ambiri amapenta holo n'kudzala mitengo, kenako n'kudzidzimuka ataona munthu akukumba maziko pakona ndi chikalata m'manja. Pomwepo mufunsenso chaka chimene holo inamangidwa ndi amene anaimanga, kenako mukhale pansi ndi okalamba a m'deralo. Iwo akuuzani kumene kunali mpopi, chimene chinkachitika Loweruka, ndi chaka chimene zinthu zinayamba kusokonekera. Mbiri imeneyi muilembe n'kuipachika m'holomo pamodzi ndi zithunzi zakale. Malo amene anthu akudziwa mbiri yake savuta kuwateteza wina akafuna kuwalanda.

Mukatero, kaimeni pamalopo nthawi zosiyana, m'mawa ana akupita kusukulu, masana, ndi chakumadzulo. Yang'anani pansi. M'udzumo mupeza kanjira kofiira kopendekera kuchokera pakona ina kupita ina, kumene mapazi anakana kuzungulira. Kanjira kameneko ndi pulani yaulere imene anthu akujambulirani kale, ndipo njira yanu yoyamba muiyale pomwepo. Ikhale yosalala, yopanda masitepe, yotakata moti njinga ya munthu wolumala ndi woyenda pansi azipatukirana. Pamene pafunika chitunda cholowera m'holo, chisapendeke kupitirira mita imodzi yokwera pa mamita 12 alionse.

Za mpanda, ndikumvetsa chimene anzanu akuopa, koma khoma lalitali la njerwa limabisa wakuba m'malo momuletsa. William H. Whyte, amene ankajambula ndi kamera mmene anthu amagwiritsira ntchito mabwalo a ku New York m'zaka za m'ma 1970, analangiza kuti Bryant Park, imene inali italandidwa ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, ichotsedwe zitsamba zoitchinga ndi kukulitsidwa zipata. Itatsegulidwanso mu 1992 inadzaza anthu. Choncho tchetchani udzu, dulirani nthambi zam'munsi kuti woyenda mumsewu aziona mpaka tsidya lina, ndipo zipata zikhale zingapo kuti munthu asamaone ngati walowa mumsampha. Mpanda waufupi wooneka mkati ndi wofunika malo awiri okha: pozungulira posewerera ana aang'ono, ndi mbali yoyang'ana msewu wa magalimoto ambiri.

Kenako madzi ndi chimbudzi. Palibe amene amafuna kujambulitsa chithunzi pafupi ndi chimbudzi, n'chifukwa chake chimaiwalika pabajeti, koma ndicho chimasankha amene akhalitse. Mnyamata wa mpira adzithandiza kuseri kwa mtengo. Mayi woyembekezera, gogo wa matenda a shuga, mtsikana amene ali kumwezi ndi kholo la mwana wovala thewera sangatero, ndipo akapeza loko pachitseko kawiri sabweranso. Chimbudzi chikhale cholumikizana ndi holo koma chitseko chake chiyang'ane panja, poonekera, kuti chizigwira ntchito ngakhale holo itatsekedwa. Chimodzi chikhale chotakata chokhala ndi zogwirira. Mpopi wakumwa ndi wosamba m'manja ukhale pamalo osachita matope.

Zotsatira ndi pokhalira komanso mthunzi. Whyte uja anapeza chinthu chooneka ngati chopanda pake koma chimene ojambula mapulani amachiphonya: anthu amakhala pamene pali pokhalira. Anapezanso kuti bwalo labwino limadziwika ndi kuchuluka kwa akazi, chifukwa iwo amasankha kwambiri pokhala. Benchi ikhale ndi potsamira ndi pogwira podzuka, apo ayi okalamba sangaigwiritse. Ena muwaike moyang'anizana kuti anthu azicheza, ena poti kholo liziona katungwe osadzuka. Ngati pamalopo pali mitengo ikuluikulu, imeneyo ndiyo chuma chanu choposa chilichonse chimene mungagule. Musalole womanga aliyense kuunjika njerwa kapena kukumba ngalande pamizu yake. Yatsopano mudzale ya masamba otambalala, yozolowera nyengo ya kwanuko, ndipo mugwirizane kaye amene aziithirira zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira, chifukwa mitengo yambiri yodzalidwa pamwambo imafa chilimwe choyamba. Magetsi muwaike m'njira, pazipata ndi pakhomo la chimbudzi. Mababu angapo owala mofatsa amaposa limodzi lothobwa m'maso limene limasiya kuseri kuli bii.

Apa ndiye tifike pa zoseweretsa. Ngozi zambiri za pabwalo la ana zimachokera pa kugwa, choncho chofunika kwambiri ndi chimene chili pansi. Konkire kapena dothi lolimba pansi pa chokwerapo ndi zimene zimaswa mitu. Thirani mchenga kapena tizidutswa ta mitengo kuya kwake masentimita ngati 30, ndipo muzibwezeretsa, popeza pansi pa katungwe mapazi amakumba kadzenje kamene mvula ikagwa kamasanduka chithaphwi. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa katungwe kusiyidwe mpata wotalika kawiri msinkhu wake. Mipata ya pakati pa zitsulo isakhale ya pakati pa masentimita 9 ndi 23, chifukwa thupi la mwana limadutsa koma mutu n'kukodwa. Akatungwe anu akalewo musawataye musanawaonetse wowotcherera. Nthawi zambiri mizati imakhala idakali yolimba. Chimene chimatha ndi kangowe kapamwamba pamene tcheni chimakhuzana ndi chitsulo. Kayang'anitsitseni: kakayamba kupyapyala n'kunyezimira mbali imodzi, kasintheni kasanaduke mwana ali m'mwamba.

Bwalo la mpira lisameze paki yonse. La mpira wa miyendo la akuluakulu ndi mamita 105 kwa 68, kuposa theka la hekitala, ndipo amasewerapo anthu 22. La basiketibolo ndi mamita 28 kwa 15, la volebolo 18 kwa 9, ndipo simenti imodzi yojambulidwa mizere yosiyana ikhoza kulandira masewera angapo. Akuluakulu a mzinda wa Vienna anapeza m'zaka za m'ma 1990 kuti atsikana akafika zaka ngati 9 ankazimiririka m'mapaki, anyamata n'kutsala okha. Anakonzanso mapaki ena, monga Einsiedlerpark, powonjezera zipata, kugawa malo aakulu kukhala timagawo tingapo, kuika masewera ena osati mpira wa miyendo wokha, ndi kukonza magetsi ndi pokhala. Atsikana anabwerera. Musanagule kanthu, itanani atsikana a zaka 12 mpaka 16 paokha, popanda alongo awo, muwafunse chimene chimawalepheretsa kubwera.

M'holomo, yambani ndi denga, chifukwa likamadontha china chilichonse n'kutaya ndalama. Chipinda chachikulu chikhale chopanda kanthu, cha mipando yonyamulika, kuti m'mawa mukhale ana a mkaka, masana kalasi ya akuluakulu, madzulo kwaya kapena masewera olimbitsa thupi. Holo zambiri zimalephera chifukwa cha kachipinda kamodzi kamene palibe anakaganizira, kosungiramo katundu. Popanda iko, mipando, mipira ndi mabuku zimaunjikana m'makona mpaka holo yonse kusanduka nkhokwe, kapena zimapita kunyumba kwa wapampando osabweranso. Gulu lililonse likhale ndi kabati yake yokhoma. Pafunikanso kachipinda ka anthu 10 kapena 15, kakhitchini kokhala ndi sinki, bokosi la chithandizo choyamba, chozimira moto, zitseko ziwiri zotsegukira panja, ndi khonde lalikulu loyang'ana paki. Khonde limenelo ndi limene limalumikiza ziwirizi. Wothawa mvula ndi wodikira mwana amakumana pamenepo, ndipo maso awo ndiwo mlonda wa masana. Ngati mungakwanitse intaneti ndi tebulo lowerengera lokhala ndi potchajira foni, ana a sukulu adzadzaza okha osawaitana.

Muganizirenso masiku oipa. Mu July 1995 kutentha kunapha anthu oposa 700 ku Chicago, ambiri okalamba okhala okha m'zipinda zotseka, ndipo kuyambira pamenepo mizinda yambiri imatsegula maholo kuti anthu akapumeko kukatentha kwambiri. Paki nayo ikhoza kuteteza nyumba ku madzi. Mvula yoopsa ya 2011 itasefukira ku Copenhagen, anakonzanso paki yakale ya Enghaveparken kuti bwalo lake lotsika ndi mathanki apansi zizisunga madzi osefukira. Inu simufunika zazikulu chotero. Kungolozetsa madzi a padenga la holo m'thanki, ndi kusiya malo otsika a paki akhale a udzu womwa madzi m'malo mowathira simenti, kwathandiza kale.

Zonsezi sizingachitike chaka chimodzi, ndipo komiti ikafuna zonse nthawi imodzi imathera pa ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chimene sichingadikire ndi munthu wa makiyi. Akhale wolipidwa, ngakhale pang'ono, wodziwika dzina kwa ana onse, wotsegula ndi kutseka pa maola olembedwa pachitseko. Ongodzipereka ndi abwino pa tsiku lotchetcha, koma kutsuka chimbudzi Lachiwiri lililonse kwa zaka zisanu si ntchito ya wongodzipereka. Pakhoma lakunja pakhale ndandanda ya mlungu yosonyeza gulu limene lili m'holo ola lililonse, kuti pasakhale gulu limodzi loyesa holoyo yake. Ndalama zolowa ndi zotuluka muzizipachika pomwepo mwezi ndi mwezi. Pa ndalama iliyonse imene mwapeza yomangira, patulani gawo la kukonza musanayambe kugula, ndipo mulembe pangano ndi khonsolo lonena mosabisa amene azilipira madzi, magetsi ndi kutaya zinyalala.

Anzanu ofuna wamalonda sakulakwa pa zonse, chifukwa holo imafunadi ndalama. Kubwereketsa holo pa maola, kwa ochita phwando kapena msonkhano, n'kwabwino, bola maola ambiri a pamlungu akhalebe a anthu onse ndipo magulu a ana ndi okalamba asamalipire. Wamalondayo mupatseni kachipinda kapakhomo kapena kakona ka khonde kuti azigulitsa zakumwa ndi zodya zopepuka. Pangano likhale la chaka chimodzi chimodzi, lolembedwa, lonena kuti sangawonjezere chipinda, sangagulitse mowa, sangatseke njira ya kuchimbudzi, ndipo azisesa malo omuzungulira. Lendi yake izilowa mu akaunti ya komiti yosainira anthu awiri kapena atatu, ndipo ntchito yake yoyamba ikhale malipiro a wosamalira uja.